Kyutekisi Wofiira pa Kagalasi

Chithunzicho a Kinsley Sambani anachipeza pa nyuzipepala imene akazi awo, mai Esime, anakulungiramo bonya wa ku msika wa pa boma. Pepalalo linali litanyowa mafuta, koma nkhope anaizindikira pomwepo. Anali Tadala Kansilanga, mwana wa kwa Nthache uja, atavala gauni loyera, mano onse pamtunda, atakweza kagalasi ka magazi kuti wojambula akaone bwino. M'mphepete mwa kagalasiko, mbali zonse zinayi, munali kyutekisi wofiira psuu, yemwe uja amayi amapaka zikhadabo.

"Mai a Melvin, tabwerani mudzaone wakuba!"

Nkhaniyo anaiwerenga kawiri, chala chikutsata mzere uliwonse. Dzina la Tadala linalimo kasanu, ndipo paliponse linali ndi "Dokotala" kutsogolo. La mzungu wina linalimo kawiri. La Sambani, olo kamodzi! Mpaka anayang'anitsitsa pamene pepalalo linang'ambikira, kuganiza kuti mwina dzina lawo linapita ndi wogula bonya wina.

Muwamvetse bambowa. Anali atatha zaka makumi atatu mu labu ya kachipatala ka mishoni, kuseri kwa msewu wa mathiraki opita ku Mozambiki, diso lili pa maikulosikopu. Pa matenda onse, awoawo anali sikoselo. Matendawa ndi a m'magazi. Maselo ofiira, amene amayenera kukhala obulungira, akasowa mpweya amapindika ngati zenga lomwetera udzu, n'kumakodwa m'mitsempha, mwana n'kumalira kuti mafupa akuthyoka. Kayezedwe kake n'kakalekale. Umadontheza magazi pa kagalasi, kuthirapo mankhwala omeza mpweya, kuvindikira ndi kagalasi kena kopyapyala, n'kumata m'mbali ndi vaselini kuti mpweya usalowe. Koma vaselini angapirire dzuwa la Okutobala la ku Mwanza? Ankasungunuka, mpweya n'kulowa, mwana wodwala n'kubwezedwa kwawo kuti alibe kanthu.

Kuyambira 1997 a Sambani ankamata ndi kyutekisi, kupaka kawiri. Popeza magetsi anali osadalirika, kagalasiko ankakaika m'kachitini, kachitiniko m'thumba la malaya, kuti kafunde ndi thupi lawo kwa theka la ola. Kenako ankatenga nyemba zana limodzi m'kapu. Diso lili pa maikulosikopu, selo lobulungira nyemba kumanzere, selo lopindika nyemba kumanja, mpaka kapu ithe. Anzawo m'zipatala zina ankangoti "alipo" kapena "palibe", koma iwo ankatha kunena kuti pa maselo zana, opindika ndi angati. Njira imeneyi anamuphunzitsa Tadala mu 2011, atabwera kudzaphunzira ntchito kwa miyezi itatu ali kamtsikana kosadziwa ndi koyatsira maikulosikopu komwe.

Mai Esime anabwera akupukuta manja pa chitenje. "Wakuba wake uti? Aaa, si Tadala uyu! Wanenepa bwino. Akuti watani?"

"Akuti ku Blantyre akuyesa kutenga maselo a mwana wa sikoselo, kukonza majini ake, n'kumubwezera m'thupi."

"Majini? Ayamba kutulutsa mizimu ku labu?"

"Si majini a kwa asing'anga amenewo, mai inu. Ndi chibadwa cha m'maselo. Tsono asanamubwezere mwana, ayenera kuyamba adziwa ngati maselo okonzedwawo ali ndi mphamvu kapena ayi. Ntchito ya Tadala ndi kupanga muyeso wake. Ndiye taonani chimene wanyamulacho. Kyutekisi wanga!"

"Nanga munkamuphunzitsa kuti akatsekere m'sutikesi? Imeneyo ndi nsanje, bambo a Melvin, musaiveke jekete. Ndiponso kabotolo koyamba kaja kanali kanga. Ndinakupatsani ndine, mukudandaula za vaselini pakhonde pano. Ine ndinalembedwa mu nyuzipepala iti?"

A Sambani anachita ngati sanamve. Inde inali nsanje, ndipo inawakhala pachifuwa mwezi wathunthu. Sankafuna galimoto iwo, sankafuna ulendo wa pa ndege. Ankangofuna kuti pamene pali kyutekisiyo pakhalenso dzina loti Sambani. Kwatsala zaka ziwiri kuti apume pa ntchito, ndiye adzachoke ngati munthu amene ankangotsuka machubu?

Lachitatu lina m'mawa galimoto yoyera inaima panja pa labu. Tadala anatsika atanyamula bokosi lozizira, dzanja lina jumbo ya shuga ndi buledi. Analowa akumwetulira, n'kupinda mawondo monga ankachitira kale.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

"Tadzuka, kaya inu adokotala?"

Tadala anaseka. "Aaa, aphunzitsi, 'inu' ameneyo wachokera kuti? Ine ndine Tadala yemwe uja munkandikalipira ndikaswa magalasi."

"Iyayi, ife anthu a mu nyuzipepala timawapatsa ulemu wawo."

Kuseka kwa Tadala kunachepa, koma anatsekula bokosi lija. Munali timachubu makumi awiri ndi tinayi, kalikonse ndi nambala yake basi. Anafotokoza kuti maselowo anawalera mu labu kuchokera ku magazi amene odwala sikoselo anapereka mwakufuna kwawo. Ena anali okonzedwa bwino, ena pang'ono, ena osakonzedwa n'komwe, ndipo ena anawafooketsa dala. Panalibe kachubu kopita m'thupi la munthu, tonse tinali toyesera.

"Pempho langa ndi loti mupange mmene mumapangira, kyutekisi, kachitini, nyemba, zonse. Mukawerenga mulembe pa fomu iyi. Chili m'kachubu kalikonse sindingakuuzeni, ngakhale ine mndandanda wake sindinauone, akusunga ena. Pali nkhani inanso, koma malamulo akundiletsa kuinena musanamalize."

"Musavutike nayo. Ife ndife manja chabe, nkhani n'za eni mitu."

Galimoto itachoka, a Sambani anakankhira shuga uja pansi pa tebulo ndi phazi. Ha! Ndiye wabwera kudzafuna waganyu eti? Sambani awerengere nyemba kuno, iye akaimirire pa wailesi ya kanema uko. Malipiro ake buledi!

Komabe ntchito anaigwira, chifukwa manja awo sankadziwa kugwira ntchito mwaulesi. Kachubu nambala 4 kanapereka opindika 71. Zimenezo ankazidziwa, ndiwo magazi a ana amene amabwera pa njinga kuchokera kwa Kanduku m'nyengo yozizira, atakulungidwa m'bulangete, akukuwa munthu akangowakhudza bondo. Manambala ankalemba ndi pensulo m'kope lawo lachikuto cholimba. Chinali chizolowezi cha zaka zonsezi, kuyamba m'kope, pa fomu pambuyo.

Atafika pa nambala 9 anaganiza kuti alakwitsa. Theka la ola linatha, kagalasi kanafunda bwinobwino, koma maselo anali obulungira, ali phee. Anati mpweya walowa. Anapanga kena, kumata mosamala, kudikiranso. Nyemba zakumanja zinakwana zisanu ndi zitatu zokha. Anachotsa diso pa maikulosikopu n'kutsamira mpando. Magazi a sikoselo okana kupindika! Zaka makumi atatu, chinthu chotere anali asanachionepo. Anakumbukira makolo onse amene ankawafunsa kuti, "Ndiye mankhwala ake alipo?" iwo n'kumayankha zozungulira.

"Koma anthuwa achita zinthu," anayankhula okha mokweza.

Chimwemwecho sichinakhalitse ngakhale mphindi zisanu. Nsanje inabwerera ndi mphamvu kuposa kale, chifukwa tsopano anaona kukula kwa chinthucho. Mankhwala amenewa akadzafika, mwana aliyense asanawalandire adzayamba adutsa pa muyeso wa Tadala. Mabuku adzalemba Kansilanga. Ophunzira adzaloweza Kansilanga. Mwina ndi kyutekisi yemwe adzamutcha wa Kansilanga.

Lachisanu masana anakhala pansi kuti akopere manambala pa fomu ndi cholembera chawo chabuluu. Oyambirira anakopera bwinobwino. Pa nambala 7 kope linkati 11. Cholembera chinaima m'mwamba kanthawi, kenako chinalemba 41. Abale, kuphweka kwake! Ka 1 kumangokapatsa mwendo basi. Atayamba anapitiriza, apa kuonjezera, apo kuchotsera, mpaka manambala asanu ndi anayi. Mumtima ankadziuza kuti palibe mwana amene apwetekepo, mwini wake wanena kuti n'zoyesera. Muyeso wakewo ukangosokonekera pang'ono, abwerera kuno, akhala pa benchi apo, afunsa bwinobwino kuti aphunzitsi, ndalakwitsa pati? Pamenepo ndiye adzakambirana za dzina. Fomuyo anaijambula ndi foni n'kutumiza, ndipo Tadala anayankha pomwepo kuti zikomo kwambiri aphunzitsi, Mulungu akudalitseni.

Sabata zitatu zotsatira a Sambani anali munthu wovuta kukhala naye. Foni ikalira ankadzidzimuka. Ndiwo zilizonse zinali zopanda mchere. Mai Esime anawafunsa kawiri ngati akudwala, kachitatu anangowasiya.

Tadala anabwera Loweruka masana, osati ku labu koma kunyumba. Ulendo uno sanabwere pa galimoto yoyera ija. Anatsika minibasi pa boma n'kuyenda wapansi, nsapato zili mbuu ndi fumbi, m'manja envelopu yokha. Anawapeza a Sambani pakhonde, mai Esime ali pa mkeka pambali pawo akusankha manachesi oti akagulitse kumsewu. Atalonjerana, a Sambani anakhala bwino pampando, mtima ukuti eya, wabwera uja.

"Zayenda bwanji ku Blantyre, adokotala? Muyeso wanu uja wakhoza?"

"Muyeso uli bwino, aphunzitsi. Chimene chinkayesedwa m'timachubu tija si muyeso wanga, komanso si mankhwala. Mphamvu ya kachubu kalikonse makina anali ataiyeza kale. Chinkayesedwa ndi njira yanu."

A Sambani anaweramira kutsogolo pampando paja.

Tadala anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pa envelopu. Makina owerengera maselo opindika alipo amodzi okha, ku labu yawo ya ku Blantyre, ndipo magetsi akangophethira amafuna munthu wochokera kunja kuti adzawadzutse. Chipatala cha kuboma sichingawaone ndi m'maloto momwe. Ndiye iye anatha zaka ziwiri akukangana ndi akuluakulu a komiti yoyang'anira ntchitoyo kuti kyutekisi ndi nyemba zikhoza kugwira ntchito yomweyo kulikonse. Ankamuseka. Potsiriza anamuuza kuti chabwino, mwini njirayo awerenge asakudziwa kanthu, ndipo manambala ake akafanana ndi a makina, njirayo ilowa mu muyeso.

"Ndiyo nkhani ndinkati ndidzakuuzani mukamaliza ija."

Anasolola pepala mu envelopu n'kuwapatsa. Linali la m'Chingerezi, koma pamutu pake panali mawu amene sanafunike magalasi a maso. Njira ya Sambani. Pansi pake, pa mndandanda wa olemba, dzina loyamba linali K. Sambani, la Tadala lachiwiri.

"Nanga... nanga mu nyuzipepala muja?" anafunsa a Sambani.

"Mtolankhani uja ndinamutchulira dzina lanu katatu, mpaka kumulembera pa kapepala. Analemba zimene anafuna yekha. Ndinkati munaziona n'kuziseka."

Mai Esime anasiya kusankha manachesi.

"M'timachubu tija," Tadala anapitiriza, "tina tinali mapasa. Magazi amodzimodzi, manambala awiri, kuti aone ngati njirayo imanena zofanana. Nambala 7 ndi nambala 19 anali amodzi. Inu munalemba 41 ndi 12. A komiti akuti njira yotere sangaikirepo moyo wa mwana. Aichotsa."

Thiraki inadutsa kumsewu ikulira mabuleki, ndipo onse anadikira kuti ipite ngati kuti ndiyo inawadula mawu.

"Anandifunsa kuti zatheka bwanji, popeza ndinkakutamani kwambiri. Ndawauza kuti mwakula, mwina maso ayamba kuchita chidima. Ndi zimene ndalemba pa kalata iyi. Mukasaina m'munsimu nkhani yatha, palibe amene adzakufunseni kanthu."

Sanawayang'ane ponena zimenezi, ndipo a Sambani anadziwa kuti mwanayu akudziwa. Miyezi itatu anakhala nawo pa benchi imodzi, angalephere kudziwa kuti diso limeneli silingaone 41 pamene pali 11? Ankawaphimba. Anawanamiza akuluakulu ake kuti aphunzitsi ake asatchedwe abodza.

Koma maso! Maso awo! Iwo amene ankapeza kachilombo ka malungo pa kagalasi kamene anyamata awiri anena kale kuti palibe kanthu. Iwo amene mpaka lero ankalowetsera mai Esime ulusi pa singano. Alembedwe ku Blantyre kuti nkhalamba ya ku Mwanza inachita khungu, njira yake n'kufera pomwepo, ana a kwa Kanduku n'kumadikira makina amene sadzabwera? Manyazi ndi mkwiyo zinawagwira nthawi imodzi, ndipo amene anamukwiyira sanali Tadala.

Anadzuka, kulowa m'nyumba, kutsekula chikwama chawo cha kuntchito. Anatuluka ndi kope lachikuto cholimba lija, n'kulitsekula pa tsamba lake.

"Iwe Tadala, tenga ichi."

Tadala anawayang'ana atamva "iwe" ameneyo. Analandira kopelo ndi manja awiri, n'kutulutsa mndandanda wa makina, kuuika pa bondo lina. Chala chinayamba kuyenda. Nambala 4, makina 70, pensulo 71. Nambala 9, makina 9, pensulo 8. Nambala 7, pensulo 11. Nambala 19, pensulo 12. Anatsika mpaka pa 24, ndipo panalibe pamene anasiyana ndi makina kuposa nyemba zitatu. Atadzutsa mutu, misozi inali ikutsika, koma inali ya ukali.

"Mukanangokopera, aphunzitsi! Kungokopera basi! Zaka ziwiri ndikunyozedwa chifukwa cha nyemba zanuzi, ndipo munapambana, munapambana bwinobwino, ndiye mwadzipha nokha chifukwa chiyani?"

"Inali nsanje, mwanawe. Ndinakuona pa pepala la bonya utanyamula kyutekisi wanga, dzina langa palibe. Ndinafuna ugwe kuti ubwere udzandipemphe. Palibe chifukwa china."

"Ndinakuuzani ine," anatero mai Esime motsitsa, osati mokondwa.

Tadala anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Kopelo lili pa miyendo, anayankhula ngati munthu wa pa ntchito.

"Kope ili ndikalisiya pano, inu musaina za maso, mupuma pa ntchito ndi ulemu wanu, koma njirayo yafa. Ndikapita nalo, aona kuti njirayo ilibe mlandu. Akhoza kulola kuti tiyesenso ndi anthu ena owerenga. Koma adziwa kuti munasintha manambala dala, ndipo munthu amene wachita zimenezo dzina lake silikhala pa pepala. Pamenepo sindingakumenyereni nkhondo, ndi ineyo ndikayankha mlandu wa bodza la masoli."

"Ndiye adzaitcha chiyani?"

"Kaya. Mwina njira ya kyutekisi."

"Zili bwino," anatero mai Esime, akubwezera nachesi m'dengu. "Kabotolo kanali kanga."

A Sambani anawayang'ana akazi awo. Zaka zonsezi, kwa ophunzira onse amene anadutsa mu labu yawo, kwa Tadala yemweyu, anali asanatchulepo olo kamodzi kuti kabotolo kaja anawapatsa ndani.

Anayang'ananso pepala lija. Njira ya Sambani. Linali lolembedwa bwino, zilembo zikuluzikulu zakuda, mmene ankalionera m'maganizo mwezi wonse uja akudana ndi mwana wa eni. Analigwira kanthawi ndithu, chala chachikulu chikusisita pa dzinapo.

"Amene akawerengewo ukawauze azipaka kawiri," anatero. "Akapaka kamodzi mpweya umalowa pa ngodya. Ndipo kachitini kazikhala m'thumba la malaya, osati la gauni, gauni silifunda."

"Ndikawauza, aphunzitsi."

"Kalata ya masoyo ung'ambe. Kopelo tenga, fulumira, minibasi zikuthera."

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa cholembera, chabuluu chomwe chija. Anatsamiritsa pepalalo pa bondo n'kukhwatcha dzina lawo pamutu paja, kenako pa mndandanda wa olemba. Ponseponse anakhwatcha kawiri, mmene amapakira kyutekisi, n'kumubwezera Tadala pepala lake.